Usiku Umene Malire Anamira

Ruo atakwiya anasiya njira yake
nadzera pa sukulu ya Makhanga,
kulowa m'kalasi osaodira.
Pofika mbandakucha iye ndi Shire
anali atagwirana chanza pamwamba pa mapira athu,
njanji yakale ya ku Chiromo itangotsala
ngati nthiti za ng'ombe yofa dzinja latha.

Ine Zuze Alufandika, wopalasa pa Mtayamoyo,
zaka makumi awiri ndikuwolotsa anthu ndi njinga zawo,
bwato langa linapita osatsanzika, ndi nkhafi yomwe.
Ndinagona mumtengo wa mango
pamodzi ndi nkhuku ya eni
ndi njoka imene sinandilabadire.

Tsiku lachitatu, injini.
Maboti atatu, mbendera zosiyana:
yathu, ya kutsidya, ndi ina yomwe sindinaidziwe.
Ena mwa iwo akuti ndi a nyanja ya mchere,
osaka mbava za pamadzi
kutali uko kumene Zambezi amakataya dzina.
Anali ndi mapu okutira m'pulasitiki
ndi wailesi yolalata m'zilankhulo zitatu,
koma mapu sadziwa pobisala chitsa cha mgwalangwa,
sadziwa waya wa khola la Fombe.
Injini inakodwa mu namasupuni, nikhosomola.

Ananditsitsa mumtengo, nandikhazika kutsogolo.
Iwe, loza.

Wogwira chiwongolero ndinamudziwa.
Chipsera pachibwano, dzino limodzi lachitsulo.
Mwezi wa Okutobala, pa dambo la Ndindi,
ndiye anandilanda ukonde
akuti ndadumpha malire,
ngati kuti mlamba umayenda ndi chiphaso.
Iyenso anandidziwa.
Tinayang'ana madzi tonse awiri.

Ndikaloza kumanzere, iye kumanzere.
Ndikakweza chikhatho, injini phee.
Tinadutsa pamwamba pa bwalo la mpira,
pamwamba pa manda a amayi anga,
ndinavula chipewa, iye anachepetsa moto
osafunsa chifukwa.

Padenga la chigayo tinapeza khumi ndi asanu ndi awiri.
Mnyamata wolankhula Chiswahili analumpha ndi chingwe m'mano,
wa ku Monkey Bay nagwira nsonga inayo,
wa chipsera uja akulimbana ndi mkokomo,
ine ndikukuwa mayina, poti ndinkawadziwa onse.
Chingwe chimodzi, manja a mayiko atatu,
ndipo palibe anafunsa kuti nchandani.
Nsayi, mimba ili pakhosi,
anatsika ngati mtsuko wodzaza,
atafumbata kabuku ka kusikelo m'jumbo ya shuga.

A Tchale sitinawapeze.
Tinapeza njinga yawo atayimangirira panthambi,
bwinobwino, mfundo ziwiri,
monga munthu amene akudziwa kuti abweranso.

Masiku asanu ndi limodzi tinayenda chomwecho,
kudya mabisiketi ouma a m'katoni yachilendo,
kugona pa Bangula nsapato zili kuphazi.
Usiku wina ndinamva wa chipsera akung'ung'udza m'Chisena,
Chisena chomwechi cha kwathu,
cha mbumba imodzi yogawidwa ndi mzere
umene anajambula anthu osadziwa kusambira.

Tsiku lonyamuka akuluakulu anabwera ndi makamera,
anagwirana chanza, anawerenga pepala
lonena za ubale wa pamadzi.
Ife tinali kuseri, kukolopa matope m'boti.
Anandipatsa jekete yoyandamitsa, yofiirira,
nati, takhuta.
Ine ndinati, nanga ukonde wanga?
Anaseka mpaka dzino lachitsulo kuwala:
uli ku ofesi, m'bale, nkhani yake ndi yaitali.

Tsopano madzi aphwa.
Mchenga wakwirira munda mpaka m'chiuno,
ndipo malire atulukanso
ngati ng'ona yodzawothera dzuwa.
Ndikusema bwato lina pansi pa mtondo.
Likatha ndidzapita ku Ndindi, poti nsomba zili komweko.
Akadzandiimitsa, sindidziwa
ngati adzayambe wayang'ana nkhope
kapena jekete.